Dzala la ku Tilipobe

Mu Ufumu wa Chiphamaso munali zida ziwiri zoyendetsera dziko: tsache ndi ndowa ya laimu. Msewu ukakumbika, ankapaka laimu miyala ya m'mbali mwake. Chipatala chikasowa mankhwala, ankasesa pabwalo pake mpaka odwala kumachita manyazi kutsokomola. Kulikonse komwe Mfumu Ndaonekera Wachitatu inkafuna kupita, tsache linkatsogola, laimu n'kutsatira, moti mfumuyo inamera imvi ikukhulupirira kuti mitengo ya m'dziko lake imamera itavala masokosi oyera.

Ulemu woposa ulemu wonse m'dzikomo unali kugwirana chanza ndi Mfumu. Munthu akangogwidwa dzanja, basi, ankatsanzikana ndi njerwa zokhalira pamaliro. Ankamulowetsa mu tenti, kumupatsa mpando wakutsogolo, ndipo mwambo sunkatha asanalankhuleko ngakhale womwalirayo sankamudziwa.

A Lufeyo Kadammanja a ku Tilipobe, katauni ka kumapeto kwa phula, ankalilakalaka dzanja limenelo kuyambira ali mnyamata. Anali telala wa pakhonde mpaka maso anayamba kukana kulowetsa ulusi pa singano. Atapuma, anthu anawasankha kukhala tcheyamani wa kalabu ya dimba la anthu onse, lomwe linali m'mbali mwa kamtsinje kuseri kwa msika. Anawasankha chifukwa anali ndi jekete, ndipo jeketeyo ankaivala ngakhale pothirira mpiru.

Dimbalo linali lodabwitsa, koma tisanamizane, silinayambe ndi nzeru. Linayamba ndi mkangano. Mamembala anakangana za yemwe ayambe kusesa masamba ogwa mu mkuyu waukulu wa pakati pa dimba, ndipo popeza aliyense anali wamakani, palibe anagwira tsache. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso n'kupita, mkangano uli chiimire. Pomwe ankadzatopa nako kukangana, anapeza kuti pansi pa masamba owolawo nthaka yada bii, yafewa, nyongolotsi zili piringupiringu, ndipo sikuuma msanga ngakhale m'chilimwe. Apo kalabu yonse inagwirizana kuti inachitira dala.

Kuyambira pamenepo ankangowonjezera. Mapesi, makoko a nthochi, ndowe za mbuzi, zonse zinkapita m'mabedi. Bonongwe, luni ndi chisoso ankazisiya zimere pomwe zakonda. Chithaphwi cha kumunsi anachikuza, achule n'kudzazamo. Abuluzi ndi abilimankhwe ankagwira ntchito yomwe kwina ankaigulira mankhwala a m'botolo. Mu mkuyu munapachikidwa ming'oma ya njuchi, ndipo mu mulu wa mapesi munkakhala kanungu, kanyama kaminga kaja kamadzipinda kakaopsedwa, komwe kanathetsa nkhono zonse zodya mbande. A Kadammanja ankakakonda kanyamako kuposa momwe ankavomerera pagulu. M'mawa uliwonse ankayamba asuzumira pa muluwo asanapereke moni kwa munthu.

Zinthu zinasokonekera Mfumu itabwera kuchokera ku msonkhano wa mafumu akunja wokambirana za chilengedwe. Kumeneko anzake anadzitama ndi nkhalango zawo, iyo n'kusowa chonena. Inafika kunyumba itakwiya, ndipo wayilesi inalengeza kuti chaka chimenecho chikhala Chaka Chokonda Nyama, Masamba ndi Zokwawa Zonse. Panakhazikitsidwa unduna wake, nduna yake n'kukhala Wolemekezeka Chikhutiro, munthu amene lamba wake ankabooledwa bowo latsopano pa bajeti iliyonse. Pa phwando lotsegulira chakacho akuluakulu anadya mbawala, nkhanga ndi nkhwali, kuti adziwe bwino zomwe akuteteza. Kenako kunalengezedwa mpikisano: dimba lokonda chilengedwe kuposa onse lidzayenderedwa ndi Mfumu, ndipo mkulu wake adzalandira mendulo ndi chanza.

A Kadammanja atamva zimenezi, m'manja munayamba kuwayabwa. Pa maliro ena anakhala pa njerwa yoyandikana ndi dalaivala wa a Nduna, ndipo kuyambira nyimbo yoyamba mpaka kumanda anamudzaza m'makutu za achule, njuchi ndi kanungu. Sipanatenge nthawi, galimoto ya boma inabwera kudzawatenga.

Ku Likulu la Ombanim'manja anawalowetsa m'bwalo la nduna n'kuwakhazika pakona. Anapeza bwalolo lili pa nkhani yaikulu: kodi chule ndi chokwawa? Nduna ya Chuma inati ngati amadumpha ndiye kuti sali mu bajeti. Nduna ya Chitetezo inati chilichonse chodumpha popanda chilolezo chiyenera kufufuzidwa. Mfumu, yomwe inkaoneka ngati ikusinza, inatukula chala, bwalo lonse n'kuomba m'manja, kenako n'kudikira kuti limve chomwe laombera. Inalamula kuti pakhale wachiwiri kwa nduna woona za zodumpha, ndipo mlamu wake wina amene anali pa ulova anapezeka kuti ndi woyenera.

Nkhani ya dimba inatenga kanthawi kochepa. A Chikhutiro anati afufuza mozama kudzera mwa dalaivala wawo, ndipo dimba la ku Tilipobe lapambana. A Kadammanja anaimiritsidwa kuti Mfumu iwaone. Dzanja lawo linanyamuka lokha, koma msilikali analitsitsa n'kuwanong'oneza kuti chanza sichiperekedwa popanda makamera. Anabwerera kwawo mtima uli m'mwamba, akuyeserera m'galimoto kaweramidwe koyenera.

Kumsika wa Mwaonanji nkhani inali itawatsogolera kale. Ogulitsa makala anawafunira mafuno abwino, n'kufunsa kuti mkuyu uja akaudula nthambi zipita kuti. Mayi wina wogulitsa usipa anati mudzi wa kwawo unayenderedwapo ndi Mfumu, ndipo udzu unayambiranso kumera mwana wake wachisamba atakwatiwa. A Kadammanja anati zonsezo ndi kaduka. Akazi awo, a Nagama, amene ankagulitsa masamba a m'dimbamo pa benchi ya pakona, anapitiriza kumanga mpiru osatukula mutu.

"Bambo a Tiyese, mwaitanira moto m'nyumba ya udzu," anatero. "Koma jekete ndikuchapirani."

Gulu lokonzekera ulendo wa Mfumu linafika pa lole, matsache ali ngati nkhalango yoyenda, zikwakwa ndi ndowa za laimu zikugundana. Mkulu wawo anali munthu waulemu kwambiri. Anagwira a Kadammanja m'manja ndi manja awiri, kuwayamikira pa ntchito yotamandika, kenako n'kuwafotokozera dongosolo. Masamba onse apansi asesedwa n'kutenthedwa. Chithaphwi chikwiriridwa, pakuti ndi pomwe pakhale nsanja, komanso achule angasokoneze nyimbo ya fuko. Njuchi zifukizidwa utsi zichoke, chifukwa sizinafufuzidwe ndi achitetezo. Mulu wa mapesi uchotsedwa kuti papite kapeti. Bonongwe ndi chisoso zizulidwa popeza sizili pamzere.

A Kadammanja anayesa kufotokoza kuti zinthu zimenezo ndiye dimbalo. Mkuluyo anavomereza ndi mtima wonse, nati n'chifukwa chake ayenera kuzikonza bwino kuti Mfumu izione. Akulankhula choncho, anyamata ake anali atayamba kale. Mpanda wa deliya wa kuchipata unagwa. Bedi loyamba linasesedwa mpaka nthaka yakuda ija inakhala pamtunda, nyongolotsi zikuphiriphitha padzuwa, nkhuku za anthu zikuchita phwando. Pofika madzulo mkuyu unali utavala sokosi yake, ndipo utsi wa masamba unali tolotolo.

Atapita anthuwo, a Kadammanja anatsala okha. Anaima pa bedi losesedwalo, n'kuona kuti tsiku limodzi lokha nthaka yayamba kale kuchita mbuu. Anapita pa mulu wa mapesi, nakweza phesi limodzi mosamala. Kanungu kanali momwemo, ndipo sikanali kokha. Kanali kataswa tiana, timinga tawo tikadali tofewa, titaunjikana pamimba pa make. Anabwezeretsa phesilo pang'onopang'ono. Anamva chisoni, komanso manyazi, pakuti loleyo anaiitana ndi pakamwa pawo. Koma dzanja la Mfumu ankalifunabe, ndipo zimenezi n'zomwe zinawasautsa kwambiri. Kunyumba anangotola chakudya pang'ono.

M'mawa mwake kunabwera a Nduna eni ake kudzayendera ntchito. Galimoto zinaima mumsewu, anthu a kumsika n'kukhamukira komweko, ena atasiya malonda m'manja mwa Mulungu. A Chikhutiro anatsika, nsapato zikuwala, nalowa pachipata chogwetsedwacho. Anayenda pang'ono n'kuima. Anayang'ana makoko a nthochi, ndowe, mapesi, maungu oyanga paliponse. Bilimankhwe wina anawayang'ana ndi diso limodzi ali pa nthambi ya nandolo. A Nduna anatulutsa kampango n'kutseka mphuno.

"Tcheyamani ndi uti pano?" anafunsa. A Kadammanja anasendera pafupi, chipewa chili m'manja. "Bambo, nthawi yanga ndi yochepa. Mwandidutsitsa kudzala chifukwa chiyani? Dimba lenilenilo lili kuti?"

Mkulu wa matsache anatsegula pakamwa kuti akonze, koma anakumbukira kuti munthu womaliza kukonza a Nduna pagulu anatumizidwa kukawerenga ng'ona kumalire. Anatseka pakamwa, nayang'ana a Kadammanja. Anthu onse anayang'ananso a Kadammanja. Iwo anadziwa kuti akangonena kuti dimba ndi lomweli, a Nduna aseka, matsache apitiriza, ndipo mpando wa mu tenti ukhala wawo mpaka imfa. Kumbuyo kwa a Nduna, mnyamata wina anali ataika kale foloko pa mulu wa mapesi, akungodikira kuti akuluakulu adutse.

"Pepani bwana," anatero a Kadammanja. "Kuno ndi kudzala ndithu. Anyamatawa anasokera. Dimba lili tsidya ilo la msewu."

Analoza pabwalo pa a Sikelo. A Sikelo anali membala wakale amene anatuluka m'kalabu chifukwa chonyansidwa ndi uve. Bwalo lawo linali lalikulu, losesedwa m'mawa ndi madzulo kwa zaka zambiri mpaka maziko a nyumba anayamba kuonekera. Panalibe udzu, panalibe nyerere, ngakhale mpheta zinkadutsa osatera. Panali matayala akale okwiriridwa theka, opakidwa kale laimu, ndi kamtengo kamodzi kodulidwa mutu ngati tebulo.

A Nduna atawoloka msewu nkhope inamasuka. Anati tsopano akuona chifukwa chake dimbali linapambana. Anafunsa kuti nyama zili kuti, ndipo a Sikelo, amene anatuluka m'nyumba akumanga mabatani osadziwa chomwe chawagwera, anayankha moona mtima kuti pakhomo pawo sipafika kanyama kalikonse. A Nduna anati ndiye kusamala kumeneko, nyama zophunzitsidwa mwambo. Analamula kuti dzina la a Sikelo lizokotedwe pa mendulo.

Kenako anatembenuka, nkhope itasintha, nafunsa mwini wa chonyansa cha tsidya lija. A Kadammanja anati ndi iwo. Anawakalipira pamaso pa msika wonse. Anawatcha mdani wa chitukuko, munthu wamkulu wopanda manyazi, woipitsa Chaka cha Mfumu. Anafuna kulamula kuti dzalalo lichotsedwe, koma mkulu wa matsache, amene tsopano ankafunitsitsa kuti asadzapondenso tsidya limenelo, anati nthawi yatha ndipo laimu sakwanira. Choncho a Nduna anagamula kuti malowo atchingidwe ndi mpanda wautali wa tsekera kuti diso la Mfumu lisagwerepo, ndipo pa tsikulo mwini wake adzakhale m'kati momwemo, asaoneke.

Anthu a m'kalabu anamva zonse, ndipo palibe anatsutsa. Anthu a ku Chiphamaso ankadziwa kusunga chinsinsi pamaso pa boma kuposa momwe ankasungira mbewu. Mayi wa usipa uja anafika mpaka pothandizira, nauza a Nduna kuti fungo la dzalalo lakhala likuwabalalitsira makasitomala.

Tsiku la Mfumu linafika ndi malipenga. Kutacha, lole inatsitsa kabichi wogulidwa ku likulu, anyamata n'kumukhazika m'mizere pabwalo pa a Sikelo, wopanda mizu, aliyense pa kadzenje kake. Inatsitsanso mbidzi ya simenti, nyalugwe wofa kale wa m'chipinda chochezera cha a Nduna, ndi chule wamkulu wa pulasitiki yemwe wachiwiri kwa nduna woona za zodumpha anaima pambali pake tsiku lonse. A Nagama anaitanidwa ndi amayi anzawo kukavina, ndipo anapita, pakuti nsalu zinkagawidwa.

A Kadammanja anakhala kuseri kwa mpanda, pa chitsa, atavala jekete yawo yochapidwa. Sanathe kupirira, anaboola kabowo pa tsekera. Anaona Mfumu ikutsika, ikuyenda pa kapeti, ikusisita mbidzi ya simenti n'kuyamikira kufatsa kwake. Anaimva ikunena kuti mafumu akunja abwere adzaphunzire, pakuti m'dimba la ku Chiphamaso munthu angathe kuyenda ndi nsapato zoyera. Kenako anaona a Sikelo akuwerama, mopotoka ndithu, osati momwe iwo anayeserera, ndipo dzanja lija linatambasuka n'kugwira la a Sikelo. Makamera anaphethira. A Kadammanja anachoka pa kabowoko misozi ikulengeza, ndipo sanachite manyazi nayo popeza owaona anali achule okha. Zinawawawa kwambiri. Anavula jekete, naipachika pa nthambi ya mkuyu, n'kuyamba kubwezeretsa masamba pa bedi losesedwa lija.

Mwambo utatha kabichi anakwezedwanso pa lole, kupatula amene anasowa m'njira zosadziwika n'kupezeka pa benchi zina kumsika. Mbidzi anaisiya chifukwa inathyoka mwendo. Mpanda nawo unatsala, ndipo wayilesi inalengeza lamulo lapadera: dzala la ku Tilipobe ndi chitonzo cha fuko, choncho nduna, mlembi, mlendo wakunja kapena wantchito aliyense wa boma asadzapondemo mpaka kalekale. Pachipata anakhomapo chikwangwani chonena zomwezo. Mamembala a kalabu anachipaka vanishi kuti chisafufutike ndi mvula.

M'kati mwa chitonzocho zinthu zinkayenda bwino. Deliya anaphukanso. Tiana ta kanungu tinakula n'kuyamba kuyenda tokha m'mabedi. Uchi unakololedwa, ndipo masamba a pa benchi ya a Nagama ankatha dzuwa lisanafike pamutu. Ngakhale akazi a a Sikelo ankabwera kudzagula, mozemba, poti pakhomo pawo panali mendulo koma ndiwo panalibe.

Koma dzina linawakanirira a Kadammanja. Kumsika ankawatcha a Tcheyamani a Dzala, ena mwachikondi, ena ayi, ndipo ana a sukulu ankagwira mphuno akamadutsa pakhomo pawo. A Sikelo anayamba kuyenda dzanja lamanja lili m'thumba kuti lisagwidwe ndi anthu wamba. A Kadammanja akakumana nawo ankapereka moni, kenako n'kulunjika kunyumba. A Nagama anawafunsa tsiku lina ngati akudandaula. Anayankha kuti inde, tsiku lililonse, koma akanati abwerere akananenanso zomwezo.

Chaka chisanathe, a Kadammanja ali kuthirira anyezi, pachipata panamveka odi. Anali mayi wachikulire pang'ono, fumbi lili m'miyendo, pamodzi ndi amuna awiri amene ankaoneka kuti abwera kudzangovomereza zomwe mayiyo anene. Anadzitchula kuti ndi a Nasibeko ochokera ku Tatopa, kuseri kwa mapiri. Anati kwawoko ali ndi kankhalango komwe akhala akukasamala kuyambira makolo awo, muli akasupe, bowa, ngaka ndi mbalame zosawerengeka. Tsoka ilo, mwana wina wa m'mudzimo anakadzitama ku likulu, ndipo wayilesi yalengeza kuti nkhalangoyo yapambana mpikisano wa chaka chamawa. Lole ya matsache ili m'njira.

Mayiyo anayang'ana chikwangwani chonyoza chija mosirira, nayang'ana mpanda, kenako anagwada pa masamba owola.

"Tayenda ulendo wonsewu kudzakuonani inu, bambo. Tithandizeni. Manyazi ngati anuwa munthu amawapeza bwanji?"

A Kadammanja anatula keni pansi. Anapukuta manja pa buluku, koma sanayere, ndipo mayiyo anawagwira choncho ndi manja awiri.

"Khalani pa chitsapo, mayi, ndikuuzani," anatero. "Koma musankhiretu mmodzi mwa inu woti adzawasenze, chifukwa amawawa."